Loya Akatsatsa Ntchito Yake, Amapindula Ndani?

Munthu woyenda pa misewu ikuluikulu ya ku America sapita patali asanaone nkhope ya loya pa chikwangwani, pambali pake nambala ya foni ndi mawu oti ukachita ngozi umuimbire. Pa kanema ndi pa intaneti ndi chimodzimodzi. Chisanafike chaka cha 1977, loya wochita zimenezi ankaitanidwa ndi bungwe la maloya kuti akayankhe mlandu, ndipo ankatha kuimitsidwa ntchito. Chidasintha zinthu ndi milandu yomwe maloya ena adakasuma ponena kuti kuwaletsa kutsatsa ntchito zawo ndi kuwaphera ufulu wolankhula.

Kumva nkhaniyi mwapatalipatali, munthu angaganize kuti ndi mkangano wa maloya okhaokha: ena akufuna kuteteza ulemu wa ntchito yawo, ena akufuna makasitomala. Koma mwini nkhani weniweni ndi munthu wamba amene akufuna kuthetsa ukwati, kulemba wilo, kuteteza nyumba yake kuti isalandidwe kapena kulandira chipukuta misozi, koma sakudziwa kuti apite kwa ndani, ndipo akalipira zingati. Lamulo lililonse lokhudza kutsatsa kwa maloya liyenera kuyesedwa ndi funso limodzi: kodi likuteteza munthu ameneyu, kapena likuteteza maloya amene ali kale ndi makasitomala?

Komwe chiletso chidachokera

M'zaka za m'ma 1800 maloya a ku America ankalengeza ntchito zawo m'nyuzipepala popanda wowaletsa. Ngakhale a Abraham Lincoln, asanakhale mtsogoleri wa dzikolo, dzina lawo linkatuluka m'zilengezo zotere ku Springfield m'chigawo cha Illinois. Zinthu zidasintha mu 1908 pamene bungwe la American Bar Association lidatulutsa mfundo za khalidwe la maloya. Mfundo ya nambala 27 idati kufuna makasitomala kudzera m'zilengezo ndi khalidwe losayenera loya. Zigawo za dzikolo, zomwe chilichonse chili ndi khoti lake lalikulu loyang'anira maloya, zidatengera mfundoyi n'kuisandutsa lamulo.

Maganizo ake adachokera ku England, komwe uloya unkaonedwa ngati ntchito ya anthu olemekezeka, osati malonda. Loya wabwino, anthu kumeneko ankati, amadziwika ndi mbiri yake, ndipo anthu amamupeza okha. Zimenezi zinkatheka m'tauni yaing'ono momwe aliyense ankadziwa mnzake. Mu mzinda ngati New York kapena Chicago, wodzaza ndi anthu obwera kumene kuchokera kumayiko ena, sizinkatheka. Katswiri wa mbiri yakale, a Jerold Auerbach, adalemba mu 1976 kuti mfundozi zinkakomera maloya a makampani akuluakulu, amene ankapeza makasitomala kudzera m'maubale ndi anthu olemera, pomwe zinkapweteka maloya ang'onoang'ono otumikira anthu osauka ndi obwera.

Kwa nthawi yaitali panalibe poyambira kudandaula. Ufulu wolankhula ku America umatetezedwa ndi gawo lotchedwa First Amendment, lomwe lidalowa m'malamulo aakulu a dzikolo mu 1791. Koma mu 1942, pa mlandu wa Valentine ndi Chrestensen, Khoti Lalikulu la dzikolo lidagamula kuti mawu otsatsira malonda alibe chitetezo chimenechi.

Ogula ndiwo adatsegula khomo

Oyamba kugwedeza chiletsochi sadali maloya koma ogula. Banja lina la a Goldfarb, pofuna kugula nyumba m'boma la Fairfax ku Virginia, linkafunika loya woti afufuze ngati mapepala a nyumbayo ali bwino. Lidalembera maloya 36. Omwe adayankha adali 19, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wovomera kulandira ndalama yochepera 1 peresenti ya mtengo wa nyumbayo, chifukwa bungwe la maloya a m'deralo lidaika mtengo woti aliyense asatsike nawo. Mu 1975 Khoti Lalikulu lidati kumeneko n'kupangana mitengo, ndipo n'kuphwanya lamulo la mpikisano pa malonda lotchedwa Sherman Act.

Chaka chotsatira kudabwera mlandu wa mankhwala. Chigawo cha Virginia chinkaletsa ogulitsa mankhwala olembedwa ndi dokotala kulengeza mitengo yawo, ndipo amene adasuma adali magulu a ogula. Woweruza a Harry Blackmun, polemba chigamulo cha 1976, adati ufulu wolankhula si wa wolankhula yekha, ndi wa womvera yemwe. Adaonjeza kuti mitengo ikabisidwa, ovutika kwambiri amakhala osauka, odwala ndi okalamba, amene sangathe kuyenda sitolo ndi sitolo kufunsa. Pa mfundo imeneyi ndi pomwe pagona nkhani yonse ya maloya.

Mlandu wa a Bates ndi a O'Steen

A John Bates ndi a Van O'Steen adali maloya achinyamata omwe adagwirapo ntchito yothandiza osauka pa milandu. Mu 1974 adatsegula ofesi yawo ku Phoenix m'chigawo cha Arizona, cholinga chawo chili kutumikira anthu opeza pang'ono: osasaukitsitsa moti n'kulandira thandizo laulere, komanso osalemera moti n'kukwanitsa loya wa masiku onse. Ankatenga ntchito zosavuta zokhazokha pa mtengo wotsika. Kuti ofesi yotere iyende pamafunika makasitomala ambiri, ndipo patatha zaka ziwiri adaona kuti akapanda kudzilengeza atseka.

Pa 22 February 1976 adaika chilengezo m'nyuzipepala ya Arizona Republic, momwe adatchula mitengo: madola 175 pothetsa ukwati ngati mbali zonse zagwirizana, kuonjezerapo madola 20 olipira kukhoti, ndi madola 95 posintha dzina. Ankadziwa bwino lomwe kuti akuphwanya lamulo. Bungwe la maloya lidawaimba mlandu, khoti lalikulu la Arizona lidawadzudzula, ndipo iwo adachita apilo ku Washington.

Bungwe la maloya lidapereka zifukwa zingapo. Lidati kutsatsa kudzatsitsa ulemu wa ntchitoyi; kuti milandu imasiyanasiyana, choncho mtengo umodzi wolengezedwa ndi wosocheretsa; kuti anthu adzayamba kusumirana pa zinthu zosafunika; kuti ndalama zolipirira zilengezo zidzakweza mitengo; kuti maloya adzayamba kugwira ntchito mwachisawawa; ndiponso kuti kulondoloza zilengezo zabodza kudzakhala kovuta.

Pa 27 June 1977, oweruza asanu mwa asanu ndi anayi adakana zifukwa zonsezi. A Blackmun adati palibe kasitomala amene amaganiza kuti loya amagwira ntchito mwaulere, choncho kutchula mtengo sikuulula chinsinsi chilichonse. A mabanki ndi mainjiniya amatsatsa, koma palibe amene amawanyoza. Pa nkhani yochulukitsa milandu, adati si chinthu chonyaditsa kuti munthu wolakwiridwa akhale chete chifukwa choti sakudziwa kolowera. Adatchulanso zomwe bungwe la American Bar Association lenilenilo lidavomereza, zoti anthu apakati, okwana 70 peresenti ya anthu a m'dzikolo, sankathandizidwa mokwanira ndi maloya, ena mwa iwo chifukwa choopa mtengo omwe sankaudziwa n'komwe. Komabe khotilo lidanenetsa kuti zilengezo zabodza ndi zosocheretsa zikhoza kuletsedwa.

Malire adaikidwa pati?

Pa tsiku limodzi, pa 30 May 1978, khotilo lidapereka zigamulo ziwiri zomwe zikusonyeza bwino pomwe ufuluwu umathera. Choyamba chidali cha loya wa ku Ohio, a Albert Ohralik. Iwowa atamva za ngozi ya galimoto adalondola atsikana awiri a zaka 18 omwe adavulala, wina ali chigonere m'chipatala, wina atangotuluka kumene, n'kuwanyengerera kuti awaimirire pa mgwirizano woti adzatenge gawo limodzi mwa magawo atatu a chipukuta misozi. Pa maulendo ena adanyamula makina ojambulira mawu mobisa. Khoti lidavomereza chilango chowaimitsa ntchito. Lidati loya ndi munthu wophunzitsidwa kukopa, ndipo akakumana maso ndi maso ndi munthu amene akumva ululu, munthuyo sakhala ndi mpata woganiza, wofunsa achibale kapena woyerekeza ndi maloya ena. Komanso zolankhulidwa pambali pa bedi la wodwala sizikhala ndi mboni.

Chachiwiri chidali cha mayi Edna Smith Primus a ku South Carolina, omwe ankathandizana ndi bungwe lomenyera ufulu la American Civil Liberties Union. Iwo adalembera kalata mayi wina amene adatsekedwa kuti asaberekenso, pa nthawi yomwe kunali malipoti oti amayi osauka akukakamizidwa kutero kuti apitirize kulandira thandizo la boma la kuchipatala. M'kalatamo adamuuza kuti bungwelo likhoza kumuimirira mwaulere. Khoti lidachotsa chilango chomwe mayi Primus adapatsidwa, ponena kuti kufikira munthu pofuna kumenyera ufulu, osati phindu, ndi mbali ya ufulu wolankhula ndi wosonkhana.

Mu 1980, pa mlandu wa kampani ya magetsi ya Central Hudson, khotilo lidaika muyeso womwe ukugwirabe ntchito. Ngati zotsatsidwazo n'zololedwa ndipo mawuwo si osocheretsa, boma lofuna kuwaletsa liyenera kusonyeza kuti lili ndi cholinga chachikulu, kuti chiletsocho chikuthandizadi kukwaniritsa cholingacho, ndiponso kuti sichikupyola pomwe pakufunika. Udindo wopereka umboni uli kwa woletsayo.

Ndi muyeso umenewu ziletso zambiri zidagwa. Mu 1985 padali mlandu wa a Philip Zauderer a ku Columbus, omwe adalengeza m'nyuzipepala 36 za ku Ohio kuti akhoza kuimirira amayi ovulazidwa ndi lupu yolerera yotchedwa Dalkon Shield. Adaikamo ndi chithunzi cha lupuyo kuti amayi aizindikire, ndipo amayi 106 adasuma kudzera mwa iwo. Khoti lidati chithunzicho ndi uphungu wa m'chilengezomo n'zotetezedwa. Koma pa chilengezo chomwecho lidawapeza olakwa pa chinthu ichi: adalonjeza kuti wolephera mlandu sadzalipira loya, osanena kuti zolipira zina za kukhoti zimakhalabe pa mutu pa kasitomala. Apa padabadwa mfundo yofunika kwambiri kwa ogula, yoti kukakamiza loya kunena zoona zonse n'kololedwa mosavuta kusiyana ndi kumutseka pakamwa.

Mu 1988, pa mlandu wa Shapero wa ku Kentucky, khotilo lidalola makalata opita kwa anthu omwe nyumba zawo zikufuna kulandidwa chifukwa cha ngongole, popeza kalata munthu akhoza kuiwerenga mofatsa kapena kungoitaya. Mu 1990, pa mlandu wa Peel wa ku Illinois, lidakana kuti loya alangidwe chifukwa chongolemba pa makalata ake zoona zoti ali ndi satifiketi ya ukatswiri yochokera ku bungwe lodziwika.

Masiku 30 a ku Florida

Mu 1995 mphepo idatembenuka pang'ono. Bungwe la maloya la ku Florida lidali litaletsa maloya kulembera makalata anthu ochita ngozi kapena abale awo mpaka patadutsa masiku 30. Lidabweretsa kukhoti masamba 106 ofotokoza mwachidule kafukufuku wa zaka ziwiri, wosonyeza kuti anthu amaipidwa kulandira makalata otere maliro ali mkati. Oweruza asanu, motsogozedwa ndi mayi Sandra Day O'Connor, adavomereza chiletsocho, ponena kuti chikuteteza mtendere wa ovulala ndi anamfedwa, komanso mbiri ya ntchito ya uloya.

Oweruza anayi adatsutsa, ndipo zomwe a Anthony Kennedy adalemba zikadali zolemera mpaka lero. Adati masiku oyambirira ngozi itachitika ndi omwe umboni umafunika kusonkhanitsidwa ndi mboni kupezedwa. Pa masiku omwewo palibe choletsa a kampani ya inshuwalansi kapena maloya a wolakwayo kufika pakhomo ndi pepala loti wovulala asaine n'kulandira ndalama yochepa. Chiletsocho chimatseka pakamwa mbali imodzi yokha, ndipo amene amatsala mumdima ndi wosauka ndi wosaphunzira, chifukwa wolemera ali kale ndi loya wake. Bungwe la maloya likamati likuteteza mbiri ya ntchito yake, ndiye kuti likudziteteza lokha.

Nyumba ya malamulo ya dziko lonse la America, popanga lamulo la ngozi za ndege mu 1996, idayesa kukonza kukondera kumeneku. Lamulolo limaletsa maloya a mbali zonse kufikira ovulala ndi anamfedwa asanapemphedwe, ndipo nthawi yake pano ndi masiku 45.

Ulemu ndi chinyengo n'zosiyana

Milandu ya m'zaka zotsatira idakhudza kwambiri kalembedwe ndi maonekedwe a zilengezo. Mu 2005 khoti lalikulu la Florida lidalanga maloya awiri chifukwa chogwiritsa ntchito chithunzi cha galu wolusa wa mtundu wa pit bull ndi nambala ya foni yokhala ndi dzina la galuyo. Koma mu 2010, pa mlandu wa Alexander ndi Cahill, khoti la apilo lidagwetsa zambiri mwa ziletso za ku New York zokhudza zomwe zingakhale m'chilengezo. Kampani ya maloya yomwe idasuma pa mlanduwu, mothandizana ndi bungwe la ogula la Public Citizen, inkaonetsa maloya ake pa kanema ngati ziphona zotalika kuposa nyumba zosanja, komanso akulangiza zolengedwa za kumlengalenga pa nkhani ya inshuwalansi. Khoti lidaona kuti palibe umboni woti anthu ankanamizidwa ndi nthabwala zoterezi. Chilengezo chikhoza kukhala chachibwana kapena chonyansa kwa maloya anzake, koma osakhala chabodza.

Pali zilengezo zina zomwe ngozi yake ndi yeniyeni. Maloya ofuna anthu oti asumire makampani a mankhwala amaulutsa mauthenga ooneka ngati machenjezo a zaumoyo, ndipo madokotala akhala akudandaula kuti odwala ena amachita mantha n'kusiya mankhwala, monga oletsa magazi kuundana, osafunsa kuchipatala. Mu 2019 bungwe la boma loteteza ogula la Federal Trade Commission lidalembera makalata ochenjeza ena mwa otsatsa otere. Mu 2022 khoti la apilo lidavomereza lamulo la ku West Virginia lomwe, mwa zina, limafuna kuti chilengezo chiuze wodwala kuti asasiye mankhwala asanaonane ndi dokotala. Apa chomwe chikutetezedwa ndi moyo wa womvera, osati ulemu wa loya.

Mu 2018 bungwe la American Bar Association lidafupikitsa mfundo zake za kutsatsa. Zikuluzikulu zomwe zidatsala ndi ziwiri: loya asanene zabodza kapena zosocheretsa, ndipo asalondole munthu pamaso kapena pa foni pofuna phindu, kupatula anthu ena monga maloya anzake, abale ndi omwe adawagwirirapo kale ntchito.

Kodi ogula apinduladi?

Yankho lake lili pawiri. Pa ntchito zosavuta zomwe mtengo wake ungalembedwe pa pepala, umboni uli kumbali ya kutsatsa. Mu 1972 katswiri wa zachuma a Lee Benham adapeza kuti magalasi a maso adali otsika mtengo m'zigawo zolola kutsatsa kusiyana ndi zoletsa. Kafukufuku wa akatswiri a Federal Trade Commission wa mu 1984 adapeza zofanana pa ntchito za maloya monga kulemba wilo ndi kuthetsa ukwati kopanda mkangano. Msika womwe wogulitsa aliyense waletsedwa kutchula mtengo wa tomato wake umakomera yekhayo amene akudulitsa.

Pa milandu ya ngozi, yomwe ndiyo imadzaza zikwangwani, nkhani ndi ina. Mphunzitsi wa zamalamulo pa yunivesite ya Stanford, mayi Nora Freeman Engstrom, adaonetsa kuti ngakhale kutsatsa kwachuluka, gawo lomwe loya amatenga pa chipukuta misozi silidatsike. Likadali pafupifupi limodzi mwa magawo atatu, nthawi zina kuposerapo. Maloyawa amapikisana pa kutchuka kwa dzina, osati pa mtengo. Mayiwa adalembanso za makampani ena otsatsa kwambiri omwe amatenga milandu yochuluka zedi n'kumaimaliza mwachangu pokambirana ndi a inshuwalansi, osafika nayo kukhoti. Wovulala pang'ono amapindula chifukwa amalandira kenakake msanga, koma wovulala kwambiri akhoza kulandira zochepa kuposa zomuyenera.

Kusowa kwa thandizo nakonso sikudathe. Lipoti la bungwe la Legal Services Corporation la mu 2022 lidati anthu opeza zochepa ku America salandira thandizo lililonse, kapena lokwanira, pa 92 peresenti ya mavuto awo akuluakulu okhudza milandu yosakhala yaupandu. Chilengezo chimauza munthu komwe kuli loya, koma sichimupatsa ndalama zomulipirira.

Mayiko ena atenga njira zawo

Ku England ndi Wales maloya otchedwa ma solicitor adaloledwa kutsatsa mu 1984. Vuto lomwe lidadza pambuyo pake lidali la makampani ogulitsa mayina a anthu ovulala kwa maloya, ndipo kuyambira mu 2013 malipiro otere ndi oletsedwa pa milandu ya kuvulala. Khoti la ufulu wachibadwidwe la ku Ulaya, pa mlandu wa Casado Coca wa mu 1994, lidavomereza kuti kutsatsa kwa loya kuli m'gulu la ufulu wolankhula, komabe lidati dziko la Spain silidalakwe polanga loya wa ku Barcelona, chifukwa dziko lililonse lili ndi mpata woyeza lokha zoyenera kwawo. Ku India lamulo la nambala 36 la bungwe la Bar Council of India likuletsabe kutsatsa, ngakhale mu 2008 lidafewetsedwa kuti loya athe kuika dzina, maphunziro ndi mtundu wa milandu yomwe amagwira pa tsamba la intaneti.

Ku Malawi, komwe malamulo ndi miyambo yambiri ya uloya idachokeranso ku England, malamulo aakulu a dziko amateteza ufulu wolankhula m'gawo 35 ndi ufulu wofikira makhoti m'gawo 41. Zomwe zachitika ku America zikusonyeza kuti maufulu awiriwa amayendera limodzi: munthu wosadziwa loya woti apiteko ndi mtengo woti akonzekere, kukhoti safikako.

Chigamulo chake

Pa zaka zonsezi ku America, malamulo omwe aima nji ndi atatu: oletsa bodza, oletsa kupanikiza munthu amene ali pa ululu kapena pa chisoni, ndi okakamiza loya kuulula zonse zomwe kasitomala adzalipire. Onsewa amayang'ana kwa womvera. Omwe akhala akugwa ndi oletsa kutchula mtengo, kuika chithunzi, kulemba kalata kapena kunena ukatswiri womwe loya alidi nawo, chifukwa owateteza adalephera kuonetsa munthu amene adavulazidwa ndi choonadi.

Ufulu wotsatsa pawokha ndi wosakwanira. Chomwe wofuna loya akusowa kwambiri ndi uthenga woti angathe kuyerekeza: mtengo wolembedwa, zolipira zapadera, mbiri ya zilango zomwe loya adalandirapo, ndi amene adzagwiredi mlandu wake. Bungwe la maloya lofunadi kuteteza anthu lizilimbikira kuti zinthu zimenezi zikhale poyera, m'malo molimbana ndi zikwangwani. Ndipo inu owerenga, kaya loya mwamudziwira pa chilengezo kaya kudzera mwa wachibale, musasaine kanthu musanafunse kuti adzatenga zingati, zolipira za kukhoti zili kwa ndani mukalephera mlandu, ndipo zonsezo akulembereni pa pepala.